Kachipinda ka Makoswe Katibwezera Nkhope ya Agogo

Kwathu ku Luchenza kwachitika zoti munthu sangagone nazo osauzako anzake. Kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya amalume, komwe kwa zaka zambiri kanali likulu la makoswe, lero ndi motsukira zithunzi. Chitini cha mabisiketi chomwe ana ankaseweretsa chatulutsa nkhope za anthu amene tinkangowamvera m'nkhani za akuluakulu. Nawo amalume, omwe ankangoswera pakhonde n'kumawerenga magalimoto opita ku Mulanje, masiku ano ndiwo akuyamba kudzuka pakhomo ponse, n'kumagogoda pazenera langa kufunsa ngati madzi atungidwa.

Mmene zinalili

Ukatsegula chitseko cha kachipindako, linkayamba kukulonjera ndi fungo la mikodzo ya makoswe. Pansi panali matumba a makala, makasu oguluka, mbaula yobooka, njinga ya Humber yopanda matayala ndi mipando yothyoka yomwe aliyense ankati adzaikonza. Malata ankadontha pangodya, pulasitala anali atagamuka, chiswe chitakwera felemu la zenera mpaka pamwamba. Kukhoma lakumapeto kunaima chinthu chachitali chamutu waukulu woyang'ana pansi, atachifunditsa chiguduli. Enafe tinakula tikuchiona osadziwa ntchito yake.

Chinthucho chinali enilaja, makina okulitsira zithunzi a mtundu wa Meopta Opemus, opangidwa ku Czechoslovakia. Amalume anaphunzira kutsuka zithunzi ali mnyamata mu situdiyo ina ku Limbe, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Atasonkhanitsa kandalama anagula kamera yawoyawo ya Yashica, ya maso awiri ija yosuzumira pamwamba, yomwe filimu imodzi imalowa zithunzi 12 zokha. Anazungulira nayo panjinga m'maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje, makamaka tsiku la malipiro, komanso m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'maubatizo. Masana ankajambula, usiku ankatsuka m'kachipinda komweka, Loweruka lotsatira n'kukatula zithunzi kwa eni ake. Kutabwera zithunzi za kala, zofuna makina akuluakulu a mutauni, makasitomala anayamba kuchepa. Mafoni ojambula atafika m'manja mwa aliyense, amalume anafunditsa enilaja chiguduli n'kukoka chitseko.

Chomwe sanataye ndi manegetivu. Anali thothotho m'chitini cha mabisiketi, ena m'maenvelopu olembedwa chaka ndi malo, ena ongokulungidwa m'mapepala a kope. Ana akachipeza chitinicho ankasolola kamodzi, kulozetsa kudzuwa, n'kuthawa akukuwa kuti aona mzukwa: nkhope yoyera mbee, mano akuda bii, thambo lakuda masanasana. Kwa ife tonse tinali timapulasitiki tosonyeza zinthu chadodolido, topanda ntchito.

Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa chimvula chosalekeza m'chigawo cha kummwera, madzi analowa m'nyumba ya amayi n'kunyowetsa alubamu yawo. Masamba anamatana, ndipo poyesa kuwamatula, chithunzi chimodzi chokha chomwe tinali nacho cha agogo aamuna chinasupuka n'kutsala pepala loyera. Amayi ankati akaikumbukira nkhaniyi, misozi ili lengelenge. Tsiku lina akudandaula choncho pakhonde, amalume anawadula pakamwa.

"Achemwali, pukutani misozi. Abambo alimo m'chitinimo."

"Achimwene, musandiseke. M'chitini muja si muli timapulasitiki takuda tokhatokha?"

"Chanyowacho ndi njerwa chabe, achemwali. Chikombole chili ndi ine, ndipo chikombole chimodzi chimaumba njerwa zomangira mudzi wonse."

Nzeru imeneyi ndi yomwe Mngelezi wina, William Henry Fox Talbot, anaitulukira kwawo ku Lacock Abbey, komwe mu 1835 anajambula zenera la nyumba yake papepala n'kupeza chithunzi chotembenuka, poyera pali pakuda, pakuda pali poyera. Njira ya Louis Daguerre, yomwe inalengezedwa ku Paris mu 1839, inkapereka chithunzi chimodzi pachitsulo, chikatayika kwatha. Ya Talbot inkalola kuti negetivu imodzi ibereke zithunzi zochuluka mmene munthu akufunira. Ndi manegetivu apepala amtundu womwewo omwe John Kirk, dokotala wa paulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire kuyambira 1858, ankajambulira zomwe ankaona m'njira. Choncho zomwe amalume ananena pakhonde paja si zotonthoza chabe. Zinangotsala kuti tipeze mdima, madzi ndi mankhwala.

Kumanga mdima

Tinatulutsa zonse. Makala anapita kukhitchini, makasu kwa osula, mipando yothyoka inakoleza moto. Mmisiri anasintha lata lodontha, kumata makoma ndi kutsira simenti m'mauna onse a makoswe. Zenera tinalikhomera thabwa, m'mbali mwake n'kumata pulasitiki wakuda. M'mphepete mwa chitseko tinamata timizere ta chubu cha njinga, kutsogolo kwake n'kupachika bulangete lochindikala. Mmwamba mwa khoma tinasiya kabowo kolowera mpweya, koma tinakakhomera kabokosi kokhotakhota kopakidwa utoto wakuda mkati, poti mpweya umatha kukhota pomwe kuwala kumangoyenda chowongoka.

Titamaliza ndinati basi, mdima wakwana. Amalume anati titseke chitseko, tikhale pansi kaye. Poyamba kunali bii, koma patapita mphindi zisanu maso atazolowera, timizere ta kuwala tinayamba kuonekera: pabowo la kiyi, pansi pa chitseko, pamsomali wa lata. Tinatseka kamodzikamodzi mpaka munthu osaona dzanja lake ngakhale ataligunditsa pamphuno.

Kenako tinapachika babu lofiira. Pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera limamva kuwala kobiriwira ndi kwa buluu, koma kofiira silikumva, n'chifukwa chake wotsuka amatha kuona zomwe akuchita. Filimu yosatsuka ndiye imamva kuwala kwamtundu uliwonse, yokhayo imafuna mdima wa ndiweyani. Amalume sakhulupirira babu asanaliyese. Anaika kapepala patebulo, pamwamba pake ndalama yachitsulo, n'kukasiya kwa mphindi zingapo pansi pa getsi lofiiralo. Atakaviika m'mankhwala kanatuluka koyera konse, popanda chizindikiro cha ndalama ija. "Babu ili ndi laulemu," anatero. "Likanakhala lakuba, ndalamayi ikanadzijambula yokha."

Chipindacho anachigawa pawiri. Kumanzere ndi kouma: enilaja, wotchi, mapepala, manegetivu. Kumanja ndi konyowa: mathireyi atatu, zopanira zitatu, ndowa ya madzi ndi beseni lotsukuluzira. Dzanja lonyowa silidutsa malire. Enilaja tinaipukuta dzimbiri, kutsuka magalasi ake, kusintha waya ndi babu, n'kuilumikiza ku batire ya sola kuti magetsi akazima ntchito isaime. Mapepala a Ilford Multigrade, mankhwala ndi timagalasi tosinthira kuya kwa chithunzi anatitumizira pabasi ndi msuweni wathu wa ku Johannesburg. Titayatsa enilaja koyamba, kuwala kwa makona anayi kutagwa pathabwa lake, amalume anavula chipewa n'kuseka mpaka kutsokomola.

Agogo atulukira m'madzi

Tinayamba m'bandakucha, chifukwa mankhwalawa amagwira bwino pa madigiri 20, ndipo ku Luchenza dzuwa likakwera m'nyengo yotentha madzi amafunda msanga. Amalume amaika botolo la madzi oundana m'beseni momwe mwakhala mabotolo a mankhwala, choyezera kutentha chili m'manja. Nthawi ya chiperoni amachita kuwonjezera timadzi tofunda.

Poyamba anayala manegetivu a mu envelopu yolembedwa 1972 pamwamba pa pepala limodzi, kupsinja ndi galasi, n'kuwalitsa. Linatuluka tsamba la tizithunzi 12, ndipo pamzere wachiwiri anagogoda ndi chala. "Awa."

Negetivuyo anaigwira m'mbali, kuuzira fumbi ndi kampira kopopera mphepo, n'kuilowetsa mu enilaja mbali yosanyezimira itayang'ana pansi. Anakweza mutu wa makinawo mpaka chithunzi chinadzaza thabwa, anapotokola kagudumu mpaka mizere ya jekete inaoneka yakuthwa, n'kuchepetsa diso la lenzi kufika pa 8. Sanathamangire pepala lathunthu. Anadula kachidutswa, n'kumakavundukula pang'onopang'ono ndi katoni: masekondi 2, kenako 4, 6, 8, 10, 12. Kachidutswako katatsukidwa kanaonetsa mizere yoyambira yotuwa mpaka yoderatu, ndipo anasankha wa masekondi 8. Ine mtima unali dyokodyoko kufuna kuona nkhope yonse. "Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero akutulutsa pepala lalikulu m'thumba lake lakuda.

Pepalalo litalandira kuwala linali loyerabe, osasonyeza kanthu. Pankhope pake pali utoto woonda wa jelatini wosakaniza ndi timchere ta siliva, ndipo pomwe kuwala kwagunda timchereto timasintha mobisika, diso osaona. Ntchito ya thireyi yoyamba, ya divelopa, ndi kusandutsa timchere tokhudzidwato kukhala siliva wakuda.

Amayi tinali titawaitana, ataima pakati pathu m'kuwala kofiira psuu, atagwira nsonga ya chitenje pakamwa. Amalume anatsetsereka pepala m'thireyi n'kuyamba kuigwedeza pang'onopang'ono, timafunde tikupita uku ndi uku. Masekondi khumi oyamba panalibe kanthu. Kenako panatulukira kamthunzi kotuwa: mlomo wa chipewa. Kenako mapewa a jekete. Kenako maso awiri, ndevu za pamlomo, kampata ka pakati pa mano. Mphindi isanakwane, agogo anali ataima m'madzimo, dzanja lina pachiwongolero cha njinga, lina litanyamula wailesi, akumwetulira.

Nthungululu yomwe amayi anaimba m'kachipinda kaja inadzutsa agalu a mudzi wonse. "Abambo! Abambo anga enieni! Achimwene, atulutseni msanga!" Anafuna kupisa dzanja m'thireyi, amalume anawatchinga ndi chigongono akuseka. "Dikirani, achemwali, sanavale bwino. Mukawatulutsa panja pano ada bii." Anawanyamula ndi chopanira, kuwadonthetsa, kuwaviika masekondi 10 m'thireyi yachiwiri ya sitopu, madzi owawasa oimitsa ntchito ya divelopa, kenako mphindi imodzi m'thireyi yachitatu ya fikisa. Fikisa amasungunula timchere tonse tomwe kuwala sikunatikhudze, kuti chithunzi chisadzadenso chikaona dzuwa. Mankhwala oyamba ogwira ntchito imeneyi anawazindikira ndi John Herschel mu 1819, ndipo ndiye anatsina khutu Talbot mu 1839. Titatsukuluza m'madzi oyera kwa mphindi ziwiri, tinatsegula chitseko. Amayi anatuluka nacho chithunzi chikudontha, akuvina mpaka kumpanda, akuitana aneba mmodzimmodzi.

Chomwe chinatidabwitsa n'chakuti agogo awa anaposa aja anawonongeka. Chithunzi cha mu alubamu chinali chaching'ono chokwana m'chikhatho, chofiirira ndi ukalamba. Ichi ndi cha mainchesi 8 kwa 10, ndipo negetivu ya masentimita 6 mbali zonse imasunga zambiri zomwe kachithunzi kakang'ono kankabisa. Tinaona wotchi pamkono, nthenga pachipewa, unyolo wa makiyi palamba, nsapato zonyezimira zomwe anabwera nazo kuchokera ku migodi ya ku Joni, zaka ziwiri boma lisanaimitse bungwe la Wenela kulemba anthu opita kumigodiko kuno mu 1974. Kumbuyo kwawo kukuoneka phiri la Mulanje. Ndipo pakona, kuseri kwa mtengo wa mango, kakusuzumira kamtsikana kopanda nsapato, chala chili m'kamwa. Amayi anakayang'anitsitsa, n'kudziguguda pachifuwa. "Ine uyu!"

Manja a amalume

Luso lenileni ndinaliona pachithunzi cha ukwati wa azakhali. Mkwatibwi wavala zoyera mbee padzuwa la masana, mkwati ndi wakuda bwino, waima pamthunzi wa khonde la tchalitchi. Ukawalitsa mokwanira diresi, nkhope ya mkwati imamira. Ukawalitsa mokomera nkhope, diresi limangokhala chigamba choyera chopanda maluwa. Amalume anatenga kawaya, kunsonga kwake anamata kakatoni kozungulira, ndipo pepala likulandira kuwala anakavinitsa pamwamba pa nkhope ya mkwati kwa masekondi atatu kuti isade kwambiri. Atatero anapinda manja awo awiri kusiya kampata, n'kuthira kuwala kowonjezera padiresi pokha, manja akunjenjemera dala kuti pasaoneke malire. M'thireyi munatuluka mkwati wa maso owala ndi thukuta pamphumi, ndi diresi looneka ulusi uliwonse wa maluwa ake.

"Khungu lathuli limafuna ulemu," anandiuza. "Wotsuka waulesi amangotulutsa maso ndi mano. Munthu analipira kuti aoneke yense."

Manja omwewa ndi amene kunyumba amavutika kumanga mabatani a malaya. Pansi pa enilaja sakayika ngakhale pang'ono. Amadziwa negetivu yofooka yofuna kagalasi ka nambala 4 kuti chithunzi chilimbe, ndi yowawa dzuwa yofuna ka nambala 1 kuti chifewe. Amakumbukira kuti uyu anali kapitawo, uyu ankaimba kwaya, awa anajambulitsa pangongole n'kudzalipira nkhuku.

Mmene zilili lero

Kachipinda kaja tsopano ndi kopaka laimu kunja, kosesedwa mkati, ndipo pachitseko pali chikwangwani cholembedwa ndi dzanja la amalume: Gogodani, musatsegule. Pachingwe chomwe chadutsa pakati pamalendewera zithunzi zopanidwa ndi mapegi: othyola tiyi madengu ali kumsana, timu ya mpira ya anyamata osavala nsapato, mwana wa ubatizo atakwinya nkhope, anthu akudikira sitima pasiteshoni ya Luchenza. Atsikana a masiku ano akamaziona amafunsa chifukwa chake palibe mayi ndi mmodzi yemwe wovala thalauza, ndiye azakhali amawafotokozera za lamulo la kavalidwe la 1973, lomwe linagwira ntchito mpaka nthawi ya matipate. Mbiri yomwe ana ankaiona yotopetsa m'kalasi, pano akuchita kulimbirana.

Pabalaza pa amayi, agogo ali m'felemu pakhoma loyang'ana kukhomo, ndipo mlendo aliyense amayamba walonjerana nawo asanapatsidwe mpando. Zithunzi zina za negetivu yomweyo zapita kwa abale ku Ndirande, ku Lilongwe, ku Harare ndi ku Johannesburg. Mbiri itawanda, Loweruka lililonse pakhonde pamadzaza. Ena amabwera kudzafunsa ngati makolo awo alimo m'chitini, ena amabwera ndi timaenvelopu tawo tomwe tinali pansi pa sutikesi. Gogo wina wa ku Thyolo anapeza chithunzi cha malemu amuna awo ali mnyamata, ndipo anabwerera kwawo atachikulunga m'chitenje chatsopano, atatisiyira mkoko wa nthochi.

Zoterezi zinachitikaponso kwina. Seydou Keïta anatsegula situdiyo ku Bamako, m'dziko la Mali, mu 1948, ndipo anasunga bwino manegetivu ake masauzande ambiri. M'zaka za m'ma 1990 anatsukidwanso pamapepala akuluakulu, n'kukaonetsedwa ku Paris ndi m'mizinda ina, dziko lonse n'kudziwa dzina lake. Kuno kwathu zithunzi zakale zimasungidwa ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, koma nkhope za anthu wamba, za othyola tiyi, osoka zovala pakhonde ndi ana a sukulu, zambiri zikadali m'zitini ndi m'masutikesi a ojambula oyenda panjinga. Chuma chimenecho chili m'nyumba zathu zomwezi.

Ndiye ngati kwanu kuli timapulasitiki totere, chonde musatitaye. Tigwireni m'mbali mokha, chifukwa chidindo cha chala chimakhalira. Tisungeni m'maenvelopu apepala, pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi denga lamalata. Tomwe tachita chuku musativiike m'madzi, poti chuku chimafewetsa jelatini ndipo chithunzi chimatha kusungunuka muli kuona. Tomwe tayamba kununkha viniga tipatuleni, tayamba kuwonongeka ndipo tingawononge tinzake. Mukayamba kutsuka, mankhwala muziwagwira ndi zopanira, chipinda chizipita mphepo, ndipo fikisa wotha ntchito muzimusunga m'chigubu, osamutaya kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa amakhala ndi siliva woopsa kwa nsomba.

Chosangalatsa koposa n'chakuti amalume apeza ophunzira. Anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi a pasekondale amabwera akaweruka, mafoni amasiya m'dengu pakhomo, n'kumakangana kuti lero agwedeze thireyi ndani. Mtsikanayo ndiye wagwira msanga luso la kawaya, ndipo amalume amamutchula kuti kapitawo. Mawu awo abwerera, nthabwala zabwerera, ngakhale ndodo amaiiwala pakhomo la kachipindako.

Sabata yatha anatulutsa Yashica ija m'kabati, kuipukuta, kuyesa batani lake pafupi ndi khutu, n'kumva kuti likulirabe bwino. Atumiza kale uthenga ku Johannesburg kuti basi yotsatira ibwere ndi mafilimu atsopano, ndipo banja lonse alilamula kuti pa Khirisimasi lisonkhane pansi pa mtengo wa mango, aliyense atatchena.

"Koma muwauziretu, mphwanga," anatero akupukuta lenzi ndi kansalu, "iyi si foni yoti tijambulenso, tijambulenso. Ndikati tayang'anani kuno, aliyense atong'ole maso. Wotsinzina adzatsinzina mpaka kwa zidzukulu zake!"